Pakagwa ngozi, n'chifukwa chiyani katemera wa chikuku amafika msanga?

Tiyerekeze kuti mvula yamkuntho yagwetsa nyumba m'midzi yozungulira Guilleme, m'boma la Mchinji, ndipo mabanja akugona m'makalasi a sukulu. Ufa ndi madzi zikungofika kumene, azaumoyo nawo atulukira ndi katemera wa chikuku. Mwina mungafunse kuti, ana sakudwala, changu chonsechi n'chachiyani?

Chikuku chimafala mumpweya. Wodwala mmodzi angathe kupatsira anthu 12 mpaka 18 amene sanabayidwe katemera, ndipo amayamba kupatsira anzake masiku anayi zidzolo zisanaoneke. Kachilomboka kamatsala m'chipinda kwa maola awiri wodwalayo atatuluka. Pamalo othithikana, pomwe ana ambiri sakudya mokwanira, matendawa amabweretsa chibayo, kutsekula m'mimba, khungu ngakhale imfa. Kuno ku Malawi tinaziona mu 2010, pomwe anthu oposa 130,000 anadwala chikuku ndipo oposa 300 anamwalira.

Amakonzekera bwanji?

Choyamba ndi kuwerenga ana. Alangizi a zaumoyo amathandizana ndi mafumu komanso atsogoleri a mipingo kulemba ana onse, chifukwa anthu akasamuka, ziwerengero zakale sizithandizanso.

Chachiwiri ndi msinkhu. Kusikelo mwana amabayidwa ali ndi miyezi 9, kenako ali ndi miyezi 15. Koma pa nthawi ya ngozi amayambira miyezi 6, ndipo amatha kufika mpaka ana a zaka 15. Ana osakwana zaka zisanu amalandiranso vitamini A.

Chachitatu ndi kuzizira. Katemerayu amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akasungunulidwa sagwiranso ntchito pakadutsa maola 6. N'chifukwa chake amaonetsetsa kuti pali mafiriji, mabokosi a ayezi ndi mayendedwe tsiku lisanafike, ndipo amakupemphani kuti mufike pa nthawi yake.

Chachinayi ndi malire. Mchinji yachita malire ndi Zambia komanso Mozambique, ndipo anthu amadutsa tsiku ndi tsiku kupita kumaliro, kumsika kapena kukaona abale. Kuti chikuku chisafale, pamafunika ana osachepera 95 pa 100 aliwonse abayidwe. Mwana wa mlendo akatsala, ana anunso ali pachiopsezo.

Inu muchite chiyani?

Pitani ndi mwana aliyense wa msinkhu umene walengezedwa, ngakhale anabayidwa kale. Kubayidwanso sikuvulaza mwana, ndipo katemera wa boma ndi waulere. Ngati kabuku ka kuchipatala kanapita ndi madzi, musakhale pansi, mwana adzabayidwabe.

Kumbukirani ichi: mwana amene wabayidwa asanakwane miyezi 9 sanamalize. Ayenera kukabayidwanso kusikelo akakwana miyezi 9, ndi pa miyezi 15, chifukwa katemera sagwira mokwanira mwa khanda laling'ono chotero.

Mwana akatentha thupi, akutsokomola, ali ndi chimfine ndi maso ofiira, kenako zidzolo n'kuyamba kunkhope, musamutsekere m'nyumba. Pitani naye msanga ku chipatala cha St Michael's ku Guilleme, ku chipatala chachikulu cha Mchinji kapena china chili pafupi. Mukangofika, uzani azaumoyo kuti mukukayikira chikuku, kuti asamukhazike pamzere ndi ana ena.