Zikondwerero za Abale Athu Amwenye

Ambiri a ife a ku Bangwe ndi ku Ndirande timagwira ntchito kapena kugula katundu m'masitolo a Amwenye ku Limbe. Koma kodi timawadziwa bwino? Si onse a chipembedzo chimodzi. Ahindu amakondwerera Diwali mu Okutobala kapena Novembala. Amayatsa tinyale, kuphulitsa makombola ndi kugawana zakudya zotsekemera, pokumbukira kuti kuwala kumagonjetsa mdima. Asilamu amachita Idi akatsiriza kusala kudya m'mwezi wa Ramadani.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, Gawo 33, amapatsa munthu aliyense ufulu wopembedza. Ufulu umene umatilola kuyenda pa Njira ya Mtanda m'misewu ndi womwewo umene umateteza Diwali. Tisalole kuti anzathu anyozedwe chifukwa cha chipembedzo chawo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.