Kuyeretsa ndi Kusamala Nyali za Galimoto Yakale

Nyali za kutsogolo za magalimoto ambiri opangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndi za pulasitiki wotchedwa polycarbonate. Pulasitikiyu anatulukiridwa mu 1953 ndi Hermann Schnell wa kampani ya Bayer ku Germany komanso Daniel Fox wa General Electric ku America, aliyense payekha. Opanga magalimoto anamukonda chifukwa ndi wopepuka, sasweka wamba mwala ukamugunda, ndipo amaumbika mosavuta. Mdani wake ndi dzuwa. N'chifukwa chake kufakitale amapaka pamwamba pake vanishi wolimba wotchinga cheza cha UV.

Zaka zikamapita vanishiyo amatheratu mphamvu. Dzuwa limamuwaula, fumbi ndi mchenga zimamukala, ndipo nyali imayamba kuoneka mbuu, kenako chikasu. Ma RAV4, X-Trail, Prado ndi Pajero amene amabwera kuno ku Malawi atagwira kale ntchito ku Japan amakhala atayamba kale kufuwa, ndipo dzuwa la mu Okutobala pamodzi ndi misewu yafumbi zimangomalizitsa. Mu 2018 bungwe la AAA la ku America linapeza kuti nyali zofuwa kwambiri zimatulutsa kuwala kokwana magawo 22 okha pa 100 alionse a kuwala kwa nyali zatsopano, ndipo kuziyeretsa kumabwezeretsa kuwalako mpaka magawo 70. Kwa woyendetsa usiku mumsewu wa M1, momwe oyenda pansi ndi akabaza amadzaza m'mphepete, kusiyana kumeneku ndi nkhani ya moyo wa munthu.

Asanayambe ntchito yoyeretsa nyali, mwini galimoto amayenera kudziwa kaye chimene nyali yake inapangidwira. Magalimoto ena akale kwambiri ali ndi nyali zagalasi, zomwe sizichita chikasu ndipo sizipalidwa. Amayeneranso kuona ngati kufuwako kuli kunja. Pamwamba pakakhala pokhakhala pogwira ndi chala, vuto lili kunja ndipo lingatheke pakhomo.

Ntchito yeniyeni ndi kupala vanishi wakufayo, ndipo imachitikira pamthunzi. Nyali imatsukidwa ndi sopo, kenako penti ya boneti ndi bampala yozungulira nyaliyo imaphimbidwa ndi tepi yapepala, chifukwa sandipepala akaphonya kamodzi kokha amasiya chipsera. Sandipepala wake ndi wamadzi uja amagwiritsa ntchito opaka penti magalimoto, ndipo amanyikidwa kaye m'madzi. Nambala yolembedwa kumbuyo kwake ikakhala yaing'ono ndiye kuti ndi wokhakhala. Pa nyali yoonongeka kwambiri wokonza amayamba ndi 600 kapena 800, n'kupita pa 1000, 1500, 2000 mpaka 3000, akuthira madzi nthawi zonse. Poyamba madziwo amatsika achikasu, ndipo akayamba kutsika oyera ngati mkaka ndiye kuti vanishi wakale wachoka. Apa nyali imaoneka yoipa kuposa poyamba, ndipo ambiri amachita mantha n'kudumpha manambala ena. Kudumphako ndiko kumasiya mizere, pakuti ntchito ya sandipepala aliyense ndi kufafaniza zokala za mnzake wam'mbuyo. Ngati woyamba wayendetsedwa chopingasa, wotsatira ayende chotsika, kuti zokala zotsalira zizioneka. Pomaliza amapukuta ndi polishi wa pulasitiki pa kansalu kofewa mpaka nyali itayera mbee.

Anthu ambiri amalekera pomwepa, ndipo ndi pamene ntchito yonse imaonongekera. Pulasitiki wopalidwa alibenso chomuteteza, choncho pakangopita miyezi yochepa chikasu chimabwerera. Pamafunika kupaka vanishi watsopano wotchinga UV, nyali itatsukidwa bwino n'kuuma. Wina amabwera pa kansalu kopukutira, wina ndi wopopera. Wolimba kwambiri ndi wosakaniza mankhwala awiri, wotchedwa 2K, koma mpweya wake ndi woopsa m'mapapo, moti ndi bwino kusiyira opopera penti amene ali ndi zodzitetezera zoyenera. Vanishi wopopera amagwira bwino pa pulasitiki wongopalidwa, wosapakidwa polishi, ndiye malangizo a pachitini ayenera kuwerengedwa kupala kusanayambe.

Ena amayesa njira zachidule, koma mankhwala otsukira mano amayeretsa pang'ono chabe kwa masiku owerengeka. Thinala, acetone ndi mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET zimadya pulasitikiyo, ndipo kuwala kumene zimabweretsa ndi kwa pulasitiki wosungunuka.

Nyali yoyera kunja ikhoza kuwalabe mofooka. Nthunzi yochepa mkati mwake, yomwe imatha magetsi akayaka, si vuto. Madontho a madzi osachoka amasonyeza mng'alu, labala wakumbuyo wong'ambika kapena timabowo topumira totsekeka ndi matope, ndipo chinyezicho chimadya mbale yonyezimira yam'kati imene imaponya kuwala kutsogolo. Mbale imeneyi sipukutidwa, chifukwa kunyezimira kwake kumachoka ngakhale ndi nsalu yofewa. Mababu a halogen nawo amafooka akamakalamba, choncho amasinthidwa onse awiri pamodzi, osagwira galasi lake ndi zala chifukwa mafuta a pakhungu amafupikitsa moyo wake. Babu wa H4 ndi wa mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. Wa mawati 100 amasungunula zolumikizira mawaya, ndipo babu wa LED woikidwa m'nyali yopangidwira halogen kawirikawiri amamwaza kuwala n'kuthobwa m'maso obwera kutsogolo. Pa galimoto yakale dzimbiri pa waya wa efu limachepetsanso mphamvu yofika ku babu.

Chotsiriza ndi kulozetsa nyali, makamaka pa SUV monga Prado ndi Pajero poti nyali zake zili m'mwamba. Galimoto imaimikidwa pamalo athyathyathya mamita 10 kuchokera pakhoma, matayala atapopedwa bwino. Nyali zambiri zimalembedwa chiwerengero monga 1.0%, kutanthauza kuti malire a kuwala kwa dimu pakhomapo azikhala masentimita 10 pansi pa msinkhu wa pakati pa nyaliyo. Zomangira zosinthira zili kumbuyo kwa nyali. M'mayiko oyendetsa kumanzere monga Malawi, Zambia ndi Japan, kuwala kwa dimu kumakwera mbali yakumanzere kuti kuunikire m'mphepete mwa msewu, choncho nyali yogulidwa ngati sipeya iyenera kukhala yopangidwira magalimoto oyenda kumanzere.