Galimoto Yomva Mphepo Yabodza

M'magalimoto akale munali kacitsulo kochedwa coki. M'mawa wa mwezi wa Juni, injini ili yozizira, woyendetsa anali kukoka kacitsuloko kuti petulo alowe wambiri, ndipo injini itatentha anali kukabwezera m'malo mwace. Magalimoto a masiku ano, monga a Toyota Corolla amene ali mbwee m'miseu ya Kitwe ndi Ndola, alibe coki. Nchito imeneyi iri m'manja mwa kompyuta ya injini. Koma kompyuta siingakhudze injini ndi kumva ngati yatentha. Imauzidwa ndi kacipangizo kakang'ono ngati cala ca munthu, kochedwa sensa, kamene kamamangidwa pafupi ndi thermostat, nsonga yace iri m'madzi oziziritsa injini.

Mauzidwe ace ndi otere. Kompyuta imatumiza magetsi a mavolti 5 pa waya mmodzi, ndipo amabwerera pa waya waciwiri atapyola m'sensa. Sensa ikazizira imakaniza magetsi kwambiri, ikatentha imawalola kupita. Kukaniza kumeneku amakuyesa m'maohm: pa magalimoto ambiri ndi maohm ngati 2,500 madzi ali pa madigiri 20, ndi ngati 300 cabe madzi atafika pa madigiri 80.

Tsono bvuto lagona apa: kompyuta siidziwa kusiyanitsa kukaniza kwa sensa ndi kukaniza kwa waya woola. Waya akaduka, kapena makoswe akamtafuna usiku, kompyuta imawerenga madigiri 40 pansi pa ziro, cisanu cimene sicinaonekepo m'dziko lino. Mawaya awiriwo akakhudzana imawerenga moto woposa madigiri 130. Mabodza akulu otere imawazindikira: imayatsa nyali ya Check Engine, nisunga nambala ya cilema, P0118 ngati waya waduka, P0117 ngati magetsi athawira njira yacidule, pa magalimoto ambiri fani imayambanso kuzungulira kosaleka. Koopsa ndi kabodza kakang'ono. Dzimbiri likagwira mano a pulagi limaonjeza kukaniza pang'ono cabe, nyali siyaka, ndipo kompyuta imakhulupirira kuti injini ikali yozizira tsiku lonse. Motero imathira petulo wambiri monga woyendetsa woiwala kubweza coki. Utsi umatuluka wakuda, mapulagi a moto amadetsedwa ndi mwaye, injini yotentha imabvuta kuliza, ndipo munthu wa teksi amaona ndalama za tsiku zathera pa pampu.

Anthu ambiri akangoona nambala ija amathamangira kusitolo kukagula sensa yatsopano. Kumeneku ndi kutaya ndalama, pakuti nambalayo ikunena za njira yonse ya magetsi, kucokera ku kompyuta kufikira ku sensa, osati sensa yokha ai. Ndiponso singano ya pa deshibodi si mboni yokwanira. Magalimoto ena akalekale ali ndi kacipangizo kena ka waya mmodzi koyendetsa singanoyo, kotero kuti singano ikhoza kunena zoona pamene kompyuta iri kunamizidwa.

Makanika wodziwa nchito amayamba ndi kuyang'ana madzi m'rediyeta, injini itazizira, cifukwa sensa yotsala pouma siingayese bwino. Kenaka amalumikiza makina owerengera kompyuta pa galimoto imene yagona usiku wonse. Pa nthawi imeneyo kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa m'injini kuyenera kufanana, kusiyana madigiri owerengeka okha. Ngati mpweya uli pa 12 ndipo madzi ali pa 30 pansi pa ziro, cilema cilipo ndithu.

Pamenepo amazula pulagi ya sensa, kiyi ili yotsegula, ndipo makina ayenera kuonetsa 40 pansi pa ziro. Amatenga kawaya kafupi nalumikiza mano awiri a pulagiyo. Nambala iyenera kulumpha kufika pamwamba penipeni. Zonse ziwiri zikacitika, ndiye kuti mawaya ndi kompyuta ziri bwino, ndipo mlandu wagwera sensa. Nambala ikapanda kusuntha, sensa yatsopano siidzathandiza kanthu. Ayenera kulondola waya, kumgwedeza pang'onopang'ono, makamaka pamene akhuzana ndi citsulo, kufikira nambala itadumpha. Wopanda makinawo akhoza kugwira nchito ndi mita ya magetsi: ayese mavolti 5 pa pulagi, ndiponso amasule sensa, aviike nsonga yace m'madzi a pamoto, aone ngati maohm akutsika bwinobwino osadumphadumpha.

Kukonza kwace kawirikawiri n'kocepa. Mano a pulagi obiriwira ndi dzimbiri amatsukidwa, ndipo ngati atha mphamvu pulagi yonse imasinthidwa. Waya woduka aocheredwe ndi mtovu ndi kukutidwa bwino. Kungompota ndi zala ndi kumanga tepi kumabweretsa cilema comweco mvula ikayamba. Posintha sensa injini ikhale yozizira, cifukwa madzi a m'injini yotentha amatumphuka ndi kuocha nkhope. Yatsopano isamangidwe mwamphamvu kwambiri, ingathyoke. Madzi otayika abwezedwe pamodzi ndi mankhwala ace oletsa dzimbiri, mpweya wotsalira m'mapaipi utulutsidwe, nambala yakale ifafanizidwe, ndipo injini ilizidwe makanika ali kupenya makina: madigiri akwere pang'onopang'ono kupitirira 80, kufikira fani itayamba yokha ndi kulekanso.