Chiphaso cha unzika cha pa foni: n'chiyani, ndipo chitithandiza bwanji ife a ku Chembe?

Aliyense wa kuno amene amalowa m'nyanja amadziwa vuto la chiphaso cha unzika. Ukachisiya kunyumba, apolisi a pa msewu wa ku Monkey Bay kapena a ku banki amachifuna tsiku lomwelo. Ukachitenga m'thumba popita ku usipa, mwera ukangokuntha bwato, chapita. Kenako uyambe ulendo: kupolisi kukatenga lipoti loti chatayika, kukwera kabaza mpaka ku Monkey Bay, minibasi mpaka ku boma la Mangochi, kulipira, n'kumadikira kuti chatsopano chituluke. Ndalama ya ulendowu ndi ndalama ya ndiwo za sabata.

N'chifukwa chake nkhani yoti bungwe loona za kalembera wa nzika la National Registration Bureau, lomwe ambiri timangoti NRB, likukonza chiphaso cha pa foni yadzetsa mafunso ambiri padoko ndi pamsika. Ena akuti khadi ija ithetsedwa. Ena akuti boma lizimvera zomwe tikulankhula pa foni. Tiyeni tiiunike bwinobwino, paja safunsa anadya phula.

Tachokera kuti?

Malawi inakhala zaka zambiri yopanda chiphaso cha unzika. Lamulo la kalembera wa nzika linakhazikitsidwa mu 2010, koma kalembera wamkulu anachitika mu 2017, pomwe boma mothandizidwa ndi bungwe la UNDP linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Mukukumbukira mizere ija, kujambulidwa nkhope ndi kudinda zala pa kamakina.

Kuyambira pamenepo khadi ija yasanduka kiyi wa chilichonse. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, alimi ankagula poonetsa chiphaso chomwechi. Kutsegula akaunti ku banki, kulembetsa Airtel Money kapena Mpamba, kufunsira ntchito ku malo ogona alendo kuno, ngakhale kulembetsa kuti uvote pa chisankho cha pa 16 September 2025, zonsezi zinkadalira kuti dzina lako lili m'kaundula wa NRB.

Nanga cha pa foni n'chotani?

Choyamba, si chithunzi cha khadi chomwe mwajambula n'kusunga mu foni. Chithunzi aliyense angathe kuchikonza pa kompyuta n'kusintha dzina kapena chaka chobadwa. Chiphaso cha pa foni chimakhala mu pulogalamu yapadera ya boma, yomwe azungu amaitcha wallet, kutanthauza kachikwama. Monga kachikwama ka m'thumba, mungasungemo zikalata zingapo, osati chiphaso chokha.

M'mayiko momwe zinayamba kale zimayenda motere. Munthu amaika pulogalamuyo mu foni, n'kulowetsa nambala ya chiphaso chake. Kenako amadzijambula nkhope, ndipo makina amafananitsa nkhopeyo ndi imene ili m'kaundula wa boma. Zikagwirizana, boma limatumiza chiphaso mu fonimo chili ndi chidindo cha pa kompyuta chomwe munthu wamba sangachipange. Wina akafuna kutsimikiza kuti ndinudi, foni yanu imaonetsa tizizindikiro takuda ta mabokosimabokosi, QR code, tonga tomwe tili pa khadi yanu ija. Iye amatijambula ndi foni yake, ndipo imamuuza ngati chidindocho ndi chenicheni.

Izi si za ku Malawi kokha. Dziko la India lili ndi DigiLocker kuyambira 2015, momwe anthu amasungamo layisensi yoyendetsera galimoto ndi masatifiketi a sukulu. Mayiko a mu European Union anagwirizana mu 2024 kuti dziko lililonse lipereke kachikwama kotere kwa nzika zake pofika kumapeto kwa 2026.

Ubwino wake kwa ife

Ubwino woyamba ndi womwe tayamba nawo uja. Foni ikagwera m'madzi, mwataya foni, koma mbiri yanu ili m'kaundula. Mukapeza foni ina mumatsimikizanso nkhope yanu, chiphaso n'kubwerera, popanda kudikira kuti khadi isindikizidwe ku Lilongwe.

Wachiwiri, kachikwama kokonzedwa bwino kamalola kuonetsa chokhacho chomwe chikufunika. Wogulitsa mowa akufuna kudziwa ngati mwakwana zaka 18, basi. Alibe chifukwa chodziwira mudzi wanu ndi nambala yanu yonse. Lero tikangopereka khadi, munthu amaona zonse, ena mpaka kuijambula fotokope n'kusunga m'kabati momwe aliyense angatsegule.

Wachitatu ukukhudza khalidwe lomwe tonse tikulidziwa. Akatapila ena amalanda chiphaso ngati chikole, ndipo nthawi ya AIP kunamveka nkhani zambiri za mavenda otolera ziphaso za anthu kuti akagulire feteleza. Chiphaso chomwe chimatseguka ndi nkhope kapena chala cha mwini wake n'chovuta kuchitolera m'jumbo.

Koma walira mvula walira matope

Funso lalikulu ndi ili: ndi angati kuno ali ndi foni ya tachi? Achinyamata operekeza alendo ku Thumbi ndi ku Domwe ali nazo. Koma amayi ambiri oyanika usipa pa thandala ali ndi ya mabatani, ndipo m'mabanja ena foni ndi imodzi, imakhala ndi bambo. Ngati chiphaso cha mayi chili mu foni ya bambo, ndiye bamboyo ali pa nyanja kapena anakwera ya ku Joni, mayiyo akalandira bwanji Mtukula Pakhomo? Agogo omwe sadziwa kuwerenga nawo atani? Ichi n'chifukwa chake khadi ya pulasitiki ikufunikabe, ndipo ofesi iliyonse iyenera kumalandira zonse ziwiri mosasankha.

Pali nkhani ya magetsi ndi netiweki. Magetsi akazima tsiku lonse, foni yathima, chiphaso chathimanso. Kuika pulogalamu kumadya bandulo, ndipo bandulo ndi ndalama.

Palinso chitetezo. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo pulezidenti wa nthawiyo a Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowerera makina a nthambi ya Immigration. Phunziro lake n'loti zonse zikadalira makina amodzi, makinawo akagwa tonse timagwa nawo. Chaka chomwecho dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, ndipo ntchito yoliyang'anira ili m'manja mwa MACRA. Lamuloli likutipatsa mphamvu yofunsa kuti ndani akusunga mbiri yathu ndiponso akuigwiritsa ntchito yanji. Kachikwama sikamvera zokamba zanu pa foni ayi, koma kangathe kusiya mapazi osonyeza komwe munaonetsa chiphaso ndi tsiku lake. Funso loti ndani amaona mapazi amenewo ndi loyenera kuwafunsa a NRB akabwera kudzachititsa msonkhano kwa amfumu.

Zoyenera kuchita pakadali pano

Sungani khadi yanu bwino, muikulunge m'pulasitiki ndipo musapite nayo m'nyanja popanda chifukwa. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa pa khadiyo n'zolondola, chifukwa cholakwika cha m'kaundula chidzalowanso mu foni momwemo. Simu khadi yanu ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu, osati la mlamu wanu kapena la mnyamata amene anakugulitsani pa msika.

Chenjerani ndi akuba a pa foni. Chinthu chatsopano chikangotchulidwa pa wailesi, iwo amakhala atayamba kale kuimba: "Ndife a boma, tumizani nambala ya chiphaso ndi PIN kuti tikulembetseni." Musatumize. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba ndi yanu nokha, ndipo palibe wa boma amene ayenera kuifunsa. Musatsegule linki zobwera pa WhatsApp zonena kuti ndi chiphaso chatsopano. Uthenga weniweni muumve kwa a NRB eni ake, pa wailesi, ku ofesi ya DC kapena kudzera kwa amfumu.

Ndipo inu amene muli ndi foni ya tachi, pothandiza amayi anu kapena agogo, athandizeni iwo ali pomwepo akuona. Chiphasocho ndi chawo, ngakhale foniyo ndi yanu.