Ganyu ya zomangamanga: tinyamule katundu osavulala

Ambiri mwa inu mumapeza ya sopo ndi ndiwo pogwira ganyu pamalo omwe akumanga, monga kututa njerwa, mchenga, matabwa ndi malata. Monga wazaumoyo muno mu kampu, ndikufuna ndifotokoze mmene anthu amavulalira pa ntchitoyi, chifukwa msana ukawonongeka banja lonse limagona ndi njala.

Thumba limodzi la simenti limalemera makilogalamu 50, chimodzimodzi madzi a m'zigubu ziwiri ndi theka za malita 20. Mukalinyamula mutawerama, miyendo ili chowongoka, kulemera konseko kumathera m'chiuno. Pakati pa mafupa a msana pali timinofu tofewa. Tikafinyika kwambiri timasuntha n'kukanikiza mtsempha, ndipo ululu umatsikira kumwendo. Choncho yambani mwanjuta, katundu akhale pafupi ndi thupi, kenako dzukani ndi mphamvu za miyendo. Potembenuka sunthani mapazi, musapotoze chiuno. Thumba la simenti nyamulani awiri kapena liikeni pa wilibala.

Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, ndipo munthu samva msanga. Ikalowa m'jombo kapena ikanyowetsa zovala, vulani ndi kutsuka khungu ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 20. Ikalowa m'maso musatikite. Tsukani chimodzimodzi, kenako thamangirani kuchipatala.

Malata amacheka manja, misomali ya m'matabwa imabaya mapazi. Valani magolovesi ndi nsapato zotseka, osati masilipasi. Mukachekedwa, panikizani bala ndi nsalu yoyera kuti magazi asiye. Musathirepo dothi kapena phulusa. Bala la msomali, ngakhale laling'ono, lingayambitse kafumbata, ndiye bwerani tsiku lomwelo tione ngati mukufunika jakisoni.

Mnzanu akagwa kuchokera pamwamba n'kumadandaula khosi kapena msana, musamudzutse. Agone momwemo, mutu usagwedezeke, wina akaitane achipatala. Dzanzi la m'miyendo, kufooka kwa mwendo kapena kulephera kugwira mkodzo munthu atavulala msana ndi zizindikiro zoopsa. Zimenezi sizodikira mawa.

Pomaliza, uzani kapitawo nthawi yomweyo kuti mwavulala, pali anzanu oona. Lembani tsiku ndi malo, ndipo sungani buku lanu lakuchipatala. Ngati abwana akukana kuthandiza, bwerani nalo bukulo ku ofesi yoona zachitetezo cha anthu muno mu kampu kuti akulangizeni.