Thumba la feteleza limayamba ulendo kutali

Alimi anzanga, chaka chilichonse pokonza nazale za mpunga kuno ku Hara timadandaula za mtengo wa feteleza. Ine ndimati tiyambe tamvetsa njira imene thumba limayenda lisanafike pa msika wa Uliwa.

Feteleza wa Urea amene timathira mu mpunga wa Kilombero sapangidwa muno. Amapangidwa ndi gasi m'mayiko akutali, makamaka a Aluya, ndipo amabwera pa sitima zapamadzi mpaka ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, kapena Dar es Salaam ku Tanzania. Sitima ikafika imadikira malo otsitsira. Masiku odikirawo amalipiridwa. Katundu akachedwa kutuluka padoko amalipiridwanso lendi, kenaka pali malole, mafuta ndi mapepala apamalire. Ndalama zonsezi sizithera kwa wamalonda ayi, amaziika pa thumba, ndipo womaliza kulipira ndi ife ovala matope.

Zakunja nazo zimatikhudza. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022 mitengo ya gasi ndi feteleza inakwera padziko lonse. Mu Novembala 2023 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anagula feteleza zitatha izi akudziwa mmene zinapwetekera.

Chimene chimandiwawa ine ndi doko lathu la Chilumba, lomwe lili pakhomo pomwepa. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, boma linatsegula njira ya kumpoto. Katundu ankachoka ku Dar es Salaam pa njanji ya TAZARA kufika ku Mbeya, n'kutsika pa malole kudzera pa Songwe ndi Karonga mpaka Chilumba. Kuchokera apo sitima ya Katundu, yomwe inapangidwira kunyamula makontena, inkawolotsa katundu panyanja kukatula ku Chipoka, kumene kuli njanji. Mtendere utabwera ku Mozambique mu 1992, amalonda anabwerera ku njira zakale, ndipo kutsika kwa madzi a m'nyanja m'zaka zimenezo kunavutitsa sitima kukocheza ku Chipoka.

Chotero feteleza wambiri amatsikira kummwera kapena ku Lilongwe, n'kukwera pamsewu kubwera kuno. Mpunga wathu nawo umakwera phiri la Chiweta pa lole popita ku Mzuzu ndi Lilongwe, ndipo mvula ikagumula msewu umenewo wogula amatsitsa mtengo, ati mayendedwe avuta. Chikhalirecho palibe njira yonyamulira katundu wolemera motchipa kuposa pamadzi.

Pa kalabu yathu tinagwirizana kusonkha ndalama mpunga ukangogulitsidwa mu Julaye, n'kuitanitsa feteleza pa lole imodzi mvula isanayambe. Lole yomweyo ibwerere ndi matumba athu a mpunga, isapite yopanda kanthu.