Mayina aulemu a atsogoleri a mipingo ya Chikhristu

Mayina aulemu a atsogoleri a mipingo ndi mawu amene amaikidwa patsogolo pa dzina la munthu wodzozedwa, posonyeza udindo wake. Mpingo uliwonse uli ndi mayina ake, choncho dzina loyenera mu mpingo wina likhoza kukhala lolakwika mu mpingo wina.

Abusa

Mawu oti m'busa amatanthauza woweta ziweto, monga momwe mawu a Chilatini oti pastor amatanthauzira. Ku Malawi dzinali limagwiritsidwa ntchito mu CCAP, Baptist, Seventh-day Adventist ndi mipingo ya Pentekosite. Mwachitsanzo, amene anayambitsa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu m'chaka cha 1900 amatchulidwa Abusa John Chilembwe. Munthu wamkazi amene wadzozedwa nayenso amatchedwa abusa. Mawu oti mayi busa kawirikawiri amanena mkazi wa abusa, osati wodzozedwayo.

Bambo

Ansembe a Katolika ndi Anglican amatchedwa Bambo, chifukwa amaonedwa ngati makolo auzimu a akhristu awo. Mipingo ina imakana dzinali potengera Mateyu 23:9. M'mipingo yotere, kuitana m'busa kuti Bambo kumamveka ngati kuiwala udindo wake, popeza mwamuna aliyense wamkulu amaitanidwa choncho.

Ambuye

Mu mpingo wa Katolika, episkopi amatchedwa Ambuye. Mawu oti episkopi anachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza woyang'anira. Ambuye Cornelius Chitsulo, amene anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1937, ndiwo anali Mmalawi woyamba kukhala episkopi wa Katolika, ndipo anatumikira ku Dedza. Dzinali likaikidwa pa episkopi limasonyeza ulemu wa udindo chabe, silimuyerekeza ndi Mulungu.

Kagwiritsidwe ntchito

M'Chichewa ulemu umaonekeranso mu mneni. Anthu amati "abusa afika", osati "m'busa wafika", ndipo polankhula nawo amati "inu". Polemba kalata kapena pulogalamu ya ukwati ndi maliro, dzina laulemu limayamba, kenako dzina lonse la munthuyo. Pa mwambo umene pali atsogoleri a mipingo yosiyanasiyana, woyendetsa mwambo amayenera kufunsiratu mpingo ndi udindo wa aliyense, kuti wina asatchulidwe ndi dzina la mpingo wa mnzake.